Umanijala wa Amalume

Kampani ya inshuwalansi imene ndinkagwirako ntchito ku Springfield inali ndi luso limodzi limene sindinalionepo kwina: inkadziwa kulipira munthu ndi dzina. Tsiku limene anandilemba ntchito anandipatsa kabokosi ka makhadi, dzina langa lili m'zilembo zagolide, m'munsi mwake atalembamo kuti manijala. Ndinatuluka mapewa ali m'mwamba. Ndisanalize n'komwe galimoto ndinajambula khadi limodzi n'kutumiza chithunzi kwa amayi anga ku Zomba, ndipo pofika mawa lake anthu onse a ku Chinamwali anali atamva kuti mwana wawo ndi bwana ku Amereka. Ndayamba ndi kuulula zimenezi kuti ndikayamba kunyoza anzanga mudziwe kuti nanenso nyambo ija ndinaimeza ndi mbedza yomwe.

Nditayamba ntchito ndinapeza kuti chipinda chathu chinali ndi madesiki makumi anayi, ndipo pa desiki iliyonse panakhala manijala. Mafumu okhaokha, mudzi wopanda anthu. Ntchito yake inali iyi: munthu akachita ngozi pa msewu waukulu wa Beltway ankatumiza zithunzi za galimoto yake, ife n'kuziika mu kompyuta, kompyuta n'kunena ndalama zokonzetsera, ife n'kumuimbira mwini galimoto kumuwerengera zimene kompyutayo yanena. Ngakhale mawu oti pepani ndi ngozi imene yakugwerani anali olembedwa kale, ife kwathu kunali kungowatchula mwachisoni. Pa umanijala wanga wonse, chinthu chokhacho chimene ndinkachilamulira chinali mpando, kuukweza ndi kuutsitsa. Ukafuna kuwonjezera ngakhale mtengo wa kagalasi ka m'mbali, unkayenera kukagogoda kwa bwana weniweni, amene ankakhala m'kachipinda ka magalasi kumapeto kwa holo.

Chifukwa chake ndinachidziwa mochedwa. Lamulo la kuno limati wantchito wamba akapitirira maola makumi anayi pa sabata, maola owonjezerawo alipidwe mwapadera, ovataimu. Koma munthu wa udindo, amene amagamula zinthu ndi nzeru zake, alibe ovataimu: kaya aweruke faifi, kaya aweruke dzuwa litalowa, kaya abwere Loweruka, malipiro ndi omwewo. Makolo athu a ku minda ya tiyi ankaitcha ntchito ya thangata. Kuno ndi yomweyo, anangoiveka tayi. Kampani inaona kuti kusindikiza makhadi n'kotsika mtengo kusiyana ndi kulipira anthu, ndipo ife tinaombera m'manja.

Desiki yoyandikana ndi yanga inali ya bambo ena a kwathu, a ku Dedza, amsinkhu wa bambo anga. Panalibe chibale, koma kuno mwamuna aliyense wa kwanu wa imvi ndi amalume, ndiye ndinkawatcha choncho. Kumudzi anali munthu. Ankagwira ntchito m'boma ku Lilongwe, ofesi yawoyawo, chidindo chawochawo, tiyi ankachita kuwabweretsera pa thileyi. Anabwera kuno motsatira akazi awo, amene anali namwino, ndipo Amereka anawalandira monga amalandirira aliyense, osafunsa kuti unali ndani. Zaka zambiri anagwira ntchito zimene sankazitchula pagulu: kulondera pamalo oimika magalimoto, kusambitsa nkhalamba za eni. Ndiye pamene khadi lagolide lija linafika m'manja mwawo, iwo anaona ngati dzina lawo labwerera.

Ku tchalitchi chathu ku Lanham palibenso ankawatchula dzina la makolo awo, onse ankangoti a Manijala. Anawasankha kukhala wapampando wa komiti iliyonse imene inali ndi mpando. Khadi limodzi linkakhala m'Baibulo lawo, pa Masalimo, moti akamatsegula kuti awerenge linkachita kugwa, iwo n'kulitola pang'onopang'ono kuti a benchi yakumbuyo alione bwino. Ku ntchito anzathu ankabwera ndi majinzi ndi nsapato zothamangira, iwo suti ndi tayi tsiku lililonse, ngakhale mu Julaye mmene kunja kumakhala ngati mu uvuni.

Anali ndi lamulo lawo limene anachoka nalo ku boma: wantchito waulemu satuluka bwana akadali mkati. Tsono bwana wathu uja ankachoka cha m'ma folo kudzera khomo lakumbuyo, kukaonerera ana ake akusewera mpira, n'kusiya nyali ikuyaka ndi jekete pampando. Tonse tinkadziwa. Amalume ankakhala pa desiki mpaka seveni, kumasuzumira m'kachipinda ka magalasi muja, kulemekeza jekete. Ndinawauzapo kuti munthuyo anapita kalekale. Anati, "Mwanangu, it is the office we respect, osati munthu." Ndinangoti chabwino, n'kutenga chikwama changa.

Zonsezi zikanangokhala zoseketsa pakanapanda azakhali, akazi awo aja. Anadwala sitiroko, mbali yonse yakumanzere inafa. Mayi amene anadzutsa odwala a eni zaka zonse zija tsopano sankatha kudzuka pampando popanda wowagwira. Mwana wawo, mmodzi yekhayo, anali ku usilikali kutali. Masana ankakhala ndi mayi wina wa ku Zambia wa ku tchalitchi kwathu komweko, koma faifi ikamayandikira mayiyo ankayenera kupita kukatenga ana ake. Kuyambira pamenepo mpaka amalume atamaliza kulemekeza jekete, n'kuwoloka mtsinje wa Potomac kubwerera kwawo ku Lanham pa mdipiti wa magalimoto woyenda ngati wa pa maliro, azakhali ankakhala okha m'nyumba.

Tsiku lina la pakati pa sabata, ndili pa tchuthi, ndinapita kukawaona cha m'ma folo. Pa katebulo, pafupi ndi dzanja lawo labwino, panali tambula yodzaza madzi, koma milomo yawo inali youma gwa. Ndinati imwani azakhali. Anapukusa mutu. Mayi wa ku Zambia uja, akuvala nsapato pakhomo, ndi amene anandiuza.

"Sibamwa manzi kuchokela pa lunch. Bayopa kuti bazafuna ku toilet, elo kulibe muntu."

Azakhali sanachite manyazi. Lilime linali lolemera koma mutu unali wakuthwa monga kale. Anati, "Ndimamwa akabwera a Manijala." Mawu akuti a Manijala anawatchula mwa mtundu wina, umene mwamuna aliyense wokwatira amaudziwa. Ndinabwerera kwathu ku Seven Corners mtima ukundiwawa, ndipo kuyambira tsiku limenelo jekete lija ndinasiya kuliseka, ndinayamba kudana nalo.

Mlandu unabwera ndi matalala. Chaka china kunagwa matalala akuluakulu amene anaphwanya magalimoto dera lonseli, ndipo kwa masabata angapo tinkalowa m'mamawa n'kutuluka kutada, ndi Loweruka lomwe. Zitatha, kampani inatithokoza ndi pitsa, zidutswa ziwiriziwiri, ndi kalata yonena kuti ndife banja limodzi. Banja lake liti limenelo, lokukhetsa thukuta mwezi wathunthu n'kukupatsa pitsa yozizira? Mnzathu wina wobadwira konkuno, mayi wosaopa munthu, anatitenga ine ndi mnzathu winanso kupita kwa loya ku Falls Church. Loyayo atamva za ntchito yathu anatifunsa funso limodzi: "Mumayang'anira ndani?" Tinangoyang'anana. Mayina athu atatu ndi amene anakhala pamwamba pa chisamani, ndipo wina aliyense wofuna kulowa nawo mlanduwo ankangoyenera kusaina fomu. Tikanapambana akanatibwezera za maola akale, komanso, chimene ine ndinkachifunitsitsa chifukwa cha azakhali, akanatiika pa maola owerengeka kuti munthu aziweruka faifi.

Anthu anasaina ngati akulandira makuponi a feteleza. Amalume anakana.

"Kwa eni kulibe mkuwe, mwanangu," anatero. "Tinabwera kudzagwira ntchito, osati kudzasumira anthu amene anatipatsa ulemu. Komanso taganiza, ikamveka ku church kuti a Manijala ali ku court, anthu aziti chiyani?"

Ndinati aziti a Manijala akufuna kumafika kunyumba dzuwa likadalipo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti ana a masiku ano sukulu inatiwononga.

Ndinachita zimene mkazi aliyense wa kwathu amachita mwamuna akauma mutu: fomu ija ndinapita nayo kwa mwini wake wa mwamunayo. Lamulungu titatuluka ku tchalitchi ndinaiika pa katebulo ka azakhali, pambali pa tambula, n'kuwafotokozera zonse, amalume ali pomwepo akumasula tayi. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Bambo, sainani." Amalume anayamba za ulemu, za mbiri ya banja, za mmene alendo amayenera kukhalira. Azakhali anawadula. "Khadi lanulo silindidzutsa pampando pano. Sainani." Anasaina ndi cholembera chawo cha inki chimene anachoka nacho ku boma, siginecha yaitali ngati ya pa ndalama. Ine ndinanyamula fomuyo ndikuganiza kuti nkhondo yatha.

Milandu ya kuno imayenda ngati bilimankhwe, ndipo m'miyezi yodikirayo ndinaona zachilendo. Bwana wa jekete, amene kale ankawadutsa amalume ngati akudutsa chitsa, anayamba kuwapatsa moni. Anayamba kuwaitanira m'kachipinda ka magalasi kukawafunsa maganizo: kodi mipando yatsopano ikhale yakuda kapena yabuluu, kodi phwando la Khirisimasi likhale Lachinayi kapena Lachisanu. Amalume ankatulukamo akuyenda ngati apita kukalangiza nduna. Ndinawachenjeza kuti munthu amene wayamba kuipatsa mbuzi madeya ochuluka ali ndi tsiku limene akuliwerengera. Anati ndili ndi nsanje.

Patapita chaka ndi miyezi, maloya a kampani anasankha anthu ochepa mwa ife oti akawafunse mafunso atalumbira, zonse zikulembedwa, kuti woweruza adzawerenge. Ine ndinali woyamba. Ndinakhala pamaso pa kamera n'kunena kuti sindiyang'anira munthu, sindigamula kanthu, ndimawerenga zimene kompyuta yalemba. Sindinama, zinandiwawa. Ndinaona chithunzi chija chimene amayi anga ankayenda nacho mu foni, ndipo mawuwo anadutsa pakhosi ngati mankhwala a malungo. Koma ndinawameza, chifukwa mlandu wonse unagona pamenepo: kuvomera kuti ndiwe wamng'ono. Mwa anthu onse otsala, wachiwiri anasankha amalume, ndipo musaganize kuti zinangochitika.

Loya wathu anawakonzekeretsa kawiri konse. Anati yankhani zoona, mwachidule, osakometsera: simulemba munthu ntchito, simuchotsa munthu, simugamula kanthu. Amalume ankangogwedeza mutu. Tsikulo ndinawatenga pa galimoto yanga kupita ku Washington, popeza ine monga mmodzi wa eni mlandu ndinkaloledwa kukhalamo, bola osatsegula pakamwa. Anavala suti yawo yakuda ya pa Mgonero, atanyamula kachikwama ka mapepala. Ndinafunsa kuti muli chiyani. Munali masatifiketi awo onse, kuyambira a ku sekondale. Ndinati amalume, kumene tikupitaku si ku intavyu.

"Ukundiphunzitsa ine kukhala pamaso pa panel?" anatero. "Ndinakhala pa ma board a boma iwe usanabadwe."

Ndipotu chipindacho chinali ngati cha intavyu ndithu: tebulo lalitali, madzi m'matambula, kamera, ndi mayi wina pakona akulemba liwu lililonse. Kwathu munthu ukakhala pa tebulo lotero umadziwa chochita. Umadzikweza. Ngati unkasunga makiyi a nyumba ya makasu umati unkayang'anira katundu wa boma, ndipo onse a pa tebulopo amadziwa kuti ndi mmene zimanenedwera. Palibe amavala suti kupita pamaso pa akuluakulu kukanena kuti ine si kanthu. Loya wa kampani, mayi wachitsikana wa mawu ofewa, anaimirira amalume akulowa. Dzina lawo analitchula bwinobwino, chinthu chimene bwana wa jekete analephera zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinaona msana wa amalume ukuwongoka, ndinadziwa kuti zathu zada.

Anayamba ndi za kumudzi. Kodi ku boma kuja anali ndi anthu angati pansi pawo? Ankasaina zotani? Amalume anamasuka, anatulutsa ndi masatifiketi omwe, mayiyo n'kumawayang'ana limodzilimodzi ngati akuona zamtengo wapatali. Kenako anaweramira kutsogolo.

"Munthu wodziwa zambiri ngati inu, bambo, sindikhulupirira kuti mumangowerenga zimene kompyuta yalemba."

"Ayi ndithu," anatero amalume. "Kompyuta ndi chida chabe. Chofunika ndi mutu."

"Ndiye kuti mumagwiritsa ntchito nzeru zanu pogamula?"

"Tsiku lililonse."

"Nanga anzanu ocheperapo msinkhuwa, amabwera kwa inu akathedwa nzeru?"

"Onse. Ngakhale uyu," anandiloza ndi chibwano. "Ndimawayang'anira ngati ana anga."

Zoona zake n'zakuti ine ndinkapita kwa iwo kukabwereka sitepula, ndipo iwo ankabwera kwa ine akaiwala pasiwedi. Ndinaluma mlomo. Loya wathu anayesa kutsutsa kafunsidweko, koma mayi wa pakona uja anali atalemba kale.

"Funso lomaliza, bambo. Anakuuzani ndani kuti muzitsala mpaka seveni?"

"Palibe. Mtsogoleri sayang'ana wotchi."

Itafika nthawi yake, loya wathu anayesa kuwatulutsa m'dzenjemo. Anawafunsa ngati angathe kuchotsa munthu ntchito. Anati sanafunepo, chifukwa iwo amakhulupirira kulangiza. Anawafunsa ngati angawonjezere ngakhale dola imodzi popanda chilolezo. Anati iwo ndi bwana amakambirana ngati akuluakulu okhaokha. Munthu akumuponyera chingwe, iye akuti musavutike, ndikusambira. Potuluka amalume anamupatsa moni wa manja awiri loya wa kampani uja, n'kumusiyira khadi.

Pobwerera tinakodwa pa mdipiti wa magalimoto tisanatuluke n'komwe mu mzinda. Amalume anamasula batani la suti n'kunena kuti, "I think ndakhoza." Pamenepo ulemu wonse umene amayi anga anandiphunzitsa unandithera. Ndinati mwakhoza zedi, mwawakhozera eni kampani. Ndinati mwalumbira kuti jekete lija munkalidikira mwa kufuna kwanu. Ndinati azakhali akhala ndi ludzu nthawi yonseyi kudikira tsiku la leroli, inu mwawagulitsa ndi kapepala kagolide. Mawu otere munthu sauza wamkulu, ndikudziwa, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Tinadutsa maloboti awiri. Kenako analankhula osandiyang'ana.

"Ukuyesa sindinamve zimene loya wathu ananena? Ndinamva. Ndinachita kuloweza. Koma iwe unabwera kuno uli mwana wa sukulu, sukudziwa. Ine zaka khumi ndi ziwiri ndinkapukuta anthu m'dziko lino, palibe anandifunsapo kuti ndinali ndani. Lero munthu wandifunsa, pa camera, under oath, ndiye ndinene kuti ndimangobwereza za computer? Zilembedwe, zikhale mu court mpaka kalekale?"

Ndinati inde, zilembedwe, chifukwa ndi zoona, ndipo ine ndinanena zomwezo koma sindinafe. Anati, "Iwe ukadali ndi nthawi yokhala munthu wina." Ndinawamvera chisoni, sindikana. Koma chisonicho sichinathetse mkwiyo, chifukwa nthawi inali itadutsa faifi ndipo ndinkadziwa chimene chili pa katebulo ku Lanham.

Kampani inayesa kugwiritsa ntchito mawu a amalume kutigwetsa tonse, koma mboni zina zinanena zoona zopanda tayi, ndipo pamapeto pake anavomera kuti tigwirizane kunja kwa khoti, osavomera kuti analakwa, monga amachitira olakwa onse okhala ndi ndalama. Tinalandira kachipukuta misozi. Gawo la amalume lokha linachotsedwa, popeza mwini wake analumbira kuti ndi bwana. Ife ena tonse anatitsitsa: makhadi atsopano opanda golide, olembedwa kuti wothandiza makasitomala, ndi malipiro a pa ola. Amayi anga ku Zomba sindinawatumizire chithunzi. Ndipo popeza tsopano ola lililonse lowonjezera linali ndi mtengo, kampani yomwe ija imene inkati ntchito siingathe popanda Loweruka inakonza zoti makompyuta athu azizima okha ikakwana faifi.

Nanga mafayilo otsala? Apa mpamene ndinaona kuti kuchenjera kwa anthu aja kulibe malire. Amalume anawakweza. Anawapatsa desiki ya pa zenera, khadi latsopano lakuti manijala wamkulu, ndi kandalama kowonjezera kosakwana mafuta a galimoto. Mutu ukakula sulewa nkhonya: ntchito yawo yatsopano inali kulandira zonse zimene ife tasiya faifi ikakwana, chifukwa m'chipinda chonsecho munatsala munthu mmodzi yekha amene nthawi yake inali yaulere. Ku tchalitchi anaimirira kupereka umboni wa kukwezedwa kwawo, azimayi n'kululutira. Azakhali tsiku limenelo anati mutu ukuwawawa, anatsala kunyumba.

Lolemba loyamba la dongosolo latsopanolo, faifi itakwana, kompyuta yanga inazima ndili pakati pa chiganizo. Ndinali ndi mafayilo asanu ndi awiri osamaliza. Lamulo linali loti ulembe manambala ake pa kapepala n'kukapereka pa desiki ya pa zenera. Panali kale mzere, aliyense kapepala m'manja, chikwama paphewa, ine ndinali womaliza. Ndinapereka kapepala kanga ndi manja awiri, n'kupinda bondo, n'kunena kuti, "Bwana." Ndinkafuna kuti ziwabaye. Iwo analandira ndi manja awirinso, ngati kuti ndi ulemu weniweni, n'kukaika pamwamba pa mulu. Nyali ya m'kachipinda ka magalasi inali ikuyaka, jekete lili pampando.

Nditatembenuka anandiitana motsitsa mawu. "Mwanangu, ngati njira yako ikudutsa cha ku Lanham..." Sanamalize. Ankadziwa bwinobwino kuti ine ndimakhala ku Seven Corners, pafupi pomwepo, pamene Lanham ali kutsidya kwa mtsinje. Sanandiyang'ane m'maso, ankayang'ana mulu uja. Ndinafuna kuwauza kuti atume mmodzi wa ana awo aja amene amawayang'anira. Ndinangotambasula dzanja, iwo n'kundipatsa kiyi wa kunyumba kwawo.

Ndinafika sikisi itadutsa. Mayi wa ku Zambia anali atapita kalekale. Azakhali anali pampando pawo, wailesi yakanema ikudzilankhulira yokha, tambula ili yodzaza. Sanadabwe kundiona. Anafunsa ngati a Manijala Wamkulu ali bwino, ndinati ali bwino, ali ndi ntchito yambiri. Ndinanyamula tambula ija n'kuwapatsa. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana ine.

"Ukhala mpaka abwere?"

Ndinati ndikhala.

"Sukudziwa kuti abwera nthawi yanji."

Ndinati ndikhalabe. Ndinavula nsapato, n'kuika chikwama pansi kuti aone. Pamenepo mpamene anamwa, osapumira, madzi ena akutsikira m'chibwano mbali yakufa ija. Atamaliza anandipatsa tambula n'kundiuza kuti ndikatungenso ena.